Ndinapulumuka pangozi ya Passo, tsopano akuti ndisadzakwerenso galimoto yaing'ono

Nachisale_Area25:
Abale anga, pagulu pano ndimangowerenga za ena, koma lero ndabwera ndi yanga. Mwezi wa Epulo ndinachita ngozi ndi Passo yanga pamsewu wa M1, nditangodutsa pa Bembeke kulowera ku Lizulu. Ndinkapita ku Balaka ndi mlongo wanga wamng'ono. Lole ina inkapitirira inzake pachitunda, n'kudzaza mbali yanga yonse. Ndinakhotetsera kumanzere kuti ndiithawe, tayala linatsika pomwe phula linadyeka m'mphepete, ndipo galimoto inagubuduzika mpaka kukaima chagada m'munda mwa eni ake. Wa loleyo sanaime.

Ine ndinali nditamanga lamba. Ndinathyoka fupa la paphewa ndi nthiti, koma ndinatuluka ndekha chokwawa kudzera pawindo. Mlongo wanga anali atagona pampando wakumbuyo. Anaponyedwa kunja, anathyoka chiuno ndi ntchafu, ndipo pano akuphunziranso kuyenda ndi ndodo.

Chandibweretsa ndi ichi. Apongozi anga ndi azilamu akuti zonsezi n'chifukwa cha kuchepa kwa galimoto, ati tigalimoto totere ndi mabokosi a maliro oika matayala. Bambo akunyumba nawo akufuna titenge ngongole kubanki tigule pikiapu, ngakhale yakale. Ngongoleyo ine ndikuiopa, chifukwa ndalama zomwe tinali nazo zathera kuchipatala. Kodi n'zoona kuti tikanakhala m'galimoto yaikulu sitikanavulala chonchi?

Funso lina ndi la inu amene munapulumukapo pangozi. Mantha amatha? Ndikakwera minibasi, lole ikangotulukira kutsogolo ndimatsinzina, manja amanjenjemera, thukuta kamukamu. Usiku ndimadzidzimuka ndikumva phokoso la galasi likusweka. Kunyumba amangoti ndithokoze kuti ndili moyo, ndipo ndimathokozadi, koma sindikugona.

Mai_a_Chisomo:
Pepani kwambiri achemwali. Mulungu apitirize kukuchizani pamodzi ndi mlongo wanuyo. Dera mukunenalo ndimalidziwa, nkhungu ikagwa kumeneko suona patali.

Madala_wa_Kanengo:
Apongozi anu sakunama. Passo iwombane ndi Hilux, aliyense akudziwa amene akagone kumotchale. Tengani ngongoleyo mayi, ngongole imabwezedwa.

Makaniko_wa_Biwi:
A Madala, mwagwira mbali imodzi yokha. Magalimoto awiri akawombana mphuno ndi mphuno, yopepuka ndi imene imakankhidwa chambuyo, ndipo anthu a m'menemo ndi amene amavulala kwambiri. Pamenepo sindikutsutsani. Koma werenganinso zimene alemba mayiwa. Iwo sanawombane ndi chilichonse, anagubuduzika. Pa nkhani yogubuduzika, galimoto yaitali msinkhu ndi imene imafulumira kugwa, chifukwa kulemera kwake kuli m'mwamba. Tayala likatsika m'mphepete iwe n'kukhotetsa mwadzidzidzi, pikiapu imatembenuka msanga kuposa galimoto yonjata pansi.

Ndipo tinene kuti loleyo ikanawapeza. Thiraki yodzaza simenti kapena feteleza imalemera matani 30 kapena kuposa. Passo sikwana tani imodzi, Hilux ili cha m'matani awiri. Pamaso pa matani 30, kusiyana kumeneko n'kochepa kwambiri.

Chimene ine ndikuona n'chakuti m'galimoto imodzi munali anthu awiri, ngozi imodzi, liwiro limodzi. Womanga lamba watuluka yekha, wosamanga waponyedwa kunja. Kugalaja kwathu kumabwera magalimoto okokedwa pangozi, ndipo tikaona kuti denga ndi zipilala za zitseko sizinalowe mkati, nthawi zambiri timamva kuti amene anakhalabe pampando wake ali moyo. Anthu amaona boneti itakwinyika n'kumati galimotoyi ndi yachabe. Ayi. Kutsogoloko anakupanga dala kuti kukwinyike, kumeze mphamvu ya ngozi isanafike pamiyendo panu.

Wa_ku_Joni:
Ndiwonjezere pa zimene anena amakaniko. Kuno ku South Africa bungwe la AA pamodzi ndi la Global NCAP anayamba mu 2017 kuwombetsa dala magalimoto atsopano ogulitsidwa mu Africa, kuti aone mmene amatetezera anthu. Yopambana imapatsidwa nyenyezi 5. Toyota Etios, kagalimoto kakang'ono, inapeza nyenyezi 4 pa chitetezo cha akuluakulu. Chery QQ3, yaing'ononso, sinapeze ngakhale imodzi. Ndiye mu 2018 anayesa Nissan NP300 Hardbody, pikiapu yeniyeni imene ambirife timaiona ngati yolimba zedi. Inapeza 0. Malo okhala dalaivala anaphwanyika, chiwongolero chinalunjika pachifuwa pa chidole chomwe anachikhazika pampando. Kanema wake alipo pa YouTube. Musanakongole, dziwani kaye pikiapu yake ndi iti komanso ya chaka chanji.

Madala_wa_Kanengo:
Mayeso amenewo amawombetsa pakhoma. Pa M1 palibe khoma, pali mathiraki a ku Beira ndi ng'ombe.

Mphunzitsi_wa_Sayansi:
Apa mwanena zoona a Madala. Kuwomba khoma kumafanana ndi kuwombana ndi galimoto yolemera ngati yako yomwe, choncho nyenyezi za yaing'ono ndi za yaikulu sitingaziike pamuyeso umodzi. Koma pali chinthu chimene chimaposa kukula kwa galimoto, ndicho liwiro. Ukawirikiza liwiro kawiri, mphamvu ya ngozi imawirikiza kanayi. Kuwomba mtengo uli pa makilomita 50 pa ola n'chimodzimodzi kugwa kuchokera pamwamba potalika mamita 10. Pa makilomita 100 pa ola ndi mamita pafupifupi 40. Komanso pa 100 galimoto imayenda mamita 28 pa sekondi iliyonse, ndiye pomwe maso aone lole, phazi lichoke pamoto lifike pabuleki, wadya kale mtunda.

Galimoto yaikulu imanamiza dalaivala. Passo ikafika pa 100 imanjenjemera, iwe wekha umabweza phazi. Ya injini yaikulu umapezeka uli pa 130 osamva kanthu.

Za lamba, a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati amachepetsa mpaka ndi theka chiopsezo cha imfa kwa anthu a m'galimoto. Ndipo wokhala kumbuyo osamanga saika pachiswe moyo wake wokha. Galimoto ikaima mwadzidzidzi iye amapitirirabe pa liwiro lomwe lija, n'kukamenya amene wakhala kutsogolo kwake.

Mlaliki_wa_Ntaja:
Ndawerenga zonse koma palibe watchula chenicheni. Mayi, si lamba anakupulumutsani, ndi dzanja la Yehova. Ndi angati afa atamanga malamba?

Mtsikana_wa_Chirimba:
Ndiye abusa mukutanthauza kuti mlongo wawoyo dzanjalo linamulambalala? Tisamalankhule zopweteka anthu amene ali kale pa ululu.

Mlaliki_wa_Ntaja:
Sindinatero mwana wanga. Nayenso ali moyo. Munthu kuponyedwa kunja kwa galimoto n'kukhala moyo ndi chisomo chomwecho.

Namwino_wa_Usiku:
Abusa, inenso ndine wopemphera, ndipo ndaonapo anthu akuchira pamene tonse tinali titataya mtima. Koma ndimagwira ntchito kuchipinda cholandirira ovulala, ndipo kusiyanako timakuona ndi maso. Womanga lamba amabwera ndi mkwingwirima wodutsa pachifuwa, nthiti kapena fupa la paphewa lothyoka ngati mayiwa. Wosamanga amabwera ndi mutu, nkhope ndi msana. Kupemphera ndi kumanga lamba sizilimbana.

Poti nkhani yafika apa, ndiloleni ndinene za nthawi imene ngozi yangochitika kumene, chifukwa ambiri timawavulaza powathandiza. Munthu amene akudandaula khosi kapena msana, kapena akuti miyendo sakuimva, musamukoke manja ndi miyendo n'kumuponya kumbuyo kwa pikiapu. Ngati galimoto sikuyaka ndipo palibe china choopsa pamalopo, mugwireni mutu kuti usagwedezeke. Pomunyamula mukhale angapo, thupi lonse liyende mowongoka, pathabwa kapena pachitseko ngati chilipo. Pamene pakutuluka magazi ambiri tsindirani mwamphamvu ndi nsalu yaukhondo, ngakhale chitenje, osasiya. Musamupatse madzi, thobwa kapena fanta ngakhale apemphe, chifukwa mwina akufunika opaleshoni, komanso munthu woti sakuzindikira bwino akhoza kutsamwa.

Chinanso, amene watuluka akuyenda yekha apite ndithu kuchipatala. Kung'ambika kwa kapamba kapena chiwindi sikuoneka kunja. Munthu amathandiza nawo kunyamula anzake, amaimba foni kunyumba kuti ali bwino, pomwe magazi akutayikira m'mimba. M'mutunso chimodzimodzi. Wina amakomoka pang'ono, n'kutsitsimuka, kulankhula bwinobwino, pakapita maola n'kuyamba kusanza ndi kusinza. Mimba ikamapweteka kapena kuuma gwa, mukamamva chizungulire, mutu wosasiya kapena tulo tachilendo, musadikire kuti kuche.

Nachisale_Area25:
Zikomo anamwino. Zimenezi n'zimene zinachitikira mlongo wanga. Anthu a m'mudzi wapafupi anathamanga ndi mtima wabwino ndipo sindidzawaiwala, koma anamunyamula atamupinda m'chitenje, iye akukuwa. Amayi ena achikulire ndi amene anakhala nane pansi atandigwira mutu mpaka galimoto yotitenga inapezeka. Foni ndi chikwama changa zokha sindinazionenso.

Wopulumuka_M5:
Apo mwandigwira pabala achemwali. Yanga inachitikira pamsewu wakunyanja, pakati pa Nkhotakota ndi Dwangwa, mu Sienta ya matola. Galimoto ya mipando 7, tinalimo anthu 11 kuphatikizapo ana, kumbuyo matumba a mpunga. Kutsogolo tinakhala awiri pampando umodzi, ndiye lamba umanga bwanji? Tayala lakutsogolo linaphulika, tinakagwera m'ngalande ya pakalavati. Bambo amene tinapanikizana pampandowo anali akundiuza za mwana wawo yemwe wasankhidwa kupita kusekondale. Anamwalira pomwepo. Ine ndinathyoka mwendo, anandiika zitsulo.

Mwendo unapola, koma pali china chimandiwawa mpaka lero. Ndili gone pansi ndinkaona anyamata ataimirira ndi mafoni akujambula. Mkazi wanga anamva za ngoziyo poona chithunzi changa pa WhatsApp, nkhope ili magazi okhaokha, wina atalemba pansi pake kuti onse afa. Anakomoka ali pamsika. Inu amene mumatumiza zithunzi zotere m'magulu, dziwani kuti zimakafika m'manja mwa mkazi wa munthuyo ndi mayi ake.

Mai_a_Chisomo:
Mayo ine. Pagulu lino zithunzi zimenezo zisamabwere, oyang'anira mwamva.

Dalaivala_wa_Sienta:
Ndikudziwa kuti mutinyoza, koma imvaninso yathu. Galimoto si yanga. Mwini wake amafuna ndalama yake madzulo aliwonse, mafuta akwera, ndipo nthawi zina timagona pamzere kudikira mafutawo. Ndikanyamula anthu 6 okha sindikwanitsa ya bwana ndi ya mafuta. Okwera omwewo ndikawauza kuti awonjezere kuti akhale motakasuka, amatsika n'kukakwera ya mnzanga yodzaza kale. Ifenso timafera momwemo.

Mtsikana_wa_Chirimba:
Achimwene, mavuto anuwo ndi enieni, koma bambo anamwalira aja analipira kuti akafike kwawo.

Dalaivala_wa_Sienta:
Ndiye kalankhuleni ndi eni magalimoto komanso amene amatilola kudutsa titadzaza chonchi. Ine ndine wamng'ono pa nkhaniyi.

Makaniko_wa_Biwi:
Za tayala kuphulikazo ndinenepo. Ambiri timagula matayala a kaunjika, timangoyang'ana ngati sanafufutike. Koma labala amakalamba ngakhale tayala lingokhala m'shopu. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi otsatizana, nthawi zambiri pambuyo pa malemba akuti DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2316, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2016. Lotere, ngakhale lioneke bwino, ine sindingaliike pagalimoto yonyamula ana anga. Komanso magalimoto ena ochokera ku Japan amabwera ndi matayala a nyengo ya chisanu, olembedwa studless. Labala wake ndi wofewa, anapangira msewu wozizira. Paphula la mu Okutobala ku Salima kapena ku Chikwawa amatha msanga ndipo galimoto imachedwa kuima. Mukawonjeza katundu wopyola muyeso ndi mpweya wochepa, tayala limatentha mkati mpaka kuphulika.

Likaphulika musaponde buleki mwamphamvu. Gwirani chiwongolero ndi manja awiri, bwezani phazi pamoto pang'onopang'ono, galimoto ichepetse yokha liwiro. Tayala likatsika m'mphepete mwa phula, lisiyeni liyende kunjako kaye, chepetsani liwiro, mubwerere mumsewu mosafulumira. Sindikuweruza a Nachisale ayi. Lole ili pamphuno, palibe amene amapeza mpata woganiza zonsezi.

Kadaulo_wa_Limbe:
Mukuti tigule atsopano, koma mwafunsa mtengo wake masiku ano? Ine anandiuza wa limodzi lokha ndinangotuluka m'shopu.

Madala_wa_Kanengo:
Chilichonse chinauluka kuyambira pomwe kwacha inagwa mu Novembala 2023. Ndipo timalipira pa Chingeni ndi pa Kalinyeke ulendo uliwonse, koma m'mphepete mwa msewu ndi mmene mwamveramo. Phula likanakhala lathunthu, mwina mayiwa sakanagubuduzika n'komwe.

Kadaulo_wa_Limbe:
Apo ndiye tagwirizana madala. Malo ena msewu wachepa moti mathiraki awiri akamadutsana wa njinga amathawira kutchire.

Woyang'anira_Gulu:
Abale, za kwacha ndi misonkho ya pamsewu zili ndi malo ake. Za zithunzi ndamva, wotumiza tizimuchotsa. Mayiwa anafunsa mafunso awiri, ndipo lachiwiri palibe wayankha.

Mlongosi_wa_Mzuzu:
Achemwali, za manthazo ndiyankhe ine chifukwa zinandigwera. Ife inali Vitz, tikutsika phiri la Chiweta mvula ikugwa. Inaterereka pakona n'kukamenya khoma la phiri. Mwamuna wanga ndiye ankayendetsa. Thupi linachira msanga, koma maganizo anatsalira pakona ija. Fungo la petulo linkandichititsa nseru. Wina akamenyetsa chitseko ndinkalumpha. Ndinkakalipira ana popanda chifukwa, ndipo ulendo uliwonse ndinkaupezera chowiringula. Anthu ankati ndikukokomeza.

Zimenezi madokotala amazidziwa, amazitcha PTSD. Si misala, komanso si kuchepa kwa chikhulupiriro. Kwa ambiri zimazilala zokha m'masabata oyambirira. Zikapitirira mwezi, mpaka kukulepheretsani kugona ndi kugwira ntchito, pamafunika thandizo. Ine ndinapita ku St John of God kuno ku Mzuzu, ndipo ku Lilongwe kwanuko aliponso. Mlangizi anandithandiza kufotokoza ngoziyo kuyambira poyamba mpaka pamapeto, mobwerezabwereza, mpaka inasiya kundibwerera yokha usiku. Kenako ndinayamba kubwerera kugalimoto pang'onopang'ono. Poyamba kungokhalamo itaima. Kenako kuzungulira m'dera lathu ndi munthu amene ndimamukhulupirira, kenako msewu waukulu m'mawa magalimoto asanachuluke. Ukathawa galimoto mtima umakhala pansi tsiku limenelo, koma manthawo amapita nakula.

Pa Chiweta ndimadutsa tsopano. Mtima umagundabe pakona ija, koma ndimadutsa. Ndipo mumuyang'anenso mlongo wanuyo. Anyamata sanena, amangokhala chete kapena kuyamba mowa, pomwe nawonso sakugona.

Wopulumuka_M5:
Zoona amayi. Ine chinandizunza kwambiri n'kudzifunsa kuti bwanji ndinatsala pomwe bambo aja anapita, pampando umodzi womwewo. Nditayamba kuyenda ndinafufuza kwawo n'kukapepesa maliro. Amayi a kunyumba kwawo anandifunsa ngati bambowo anavutika nthawi yaitali, ndinawauza kuti ayi, ndipo ndinawauzanso zimene ankakamba za mwana uja. Tinalira tonse. Kuchokera pamenepo ndinayamba kupeza tulo.

Gogo_wa_Mponela:
Mwanangu Nachisale, galimotoyo munaigula liti? Ena kumudzi sakondwa mwana wamkazi akamayendetsa yakeyake. Musanagule ina kaonaneni kaye ndi akuluakulu.

Mtsikana_wa_Chirimba:
Agogo, pepani ndikutsutseni. Wolakwa akudziwika, ndi dalaivala amene anapitirira pachitunda osaona kutsogolo. Tikayamba kusaka wansanje kumudzi tidanitsa abale, ndipo mapeto ake amene amamenyedwa ndi okalamba osalakwa ngati inu nomwe.

Wa_Inshuwalansi:
A Nachisale, inshuwalansi yanu inali third party kapena comprehensive, ija yolipiranso galimoto yanu ikaonongeka? Nanga nambala ya lole alipo anaiona?

Nachisale_Area25:
Third party bambo. Passo ili kugalaja, akuti siingakonzeke. Nambala palibe anaiona, zinachitika mwachangu kwambiri.

Wa_Inshuwalansi:
Pepani, pamenepo galimoto yanu siilipiridwa. Third party ndi imene lamulo limakakamiza aliyense kukhala nayo, ndipo ntchito yake ndi kulipira anthu ena amene galimoto yanu yawavulaza kapena kuwaonongera katundu. Loleyo ikanadziwika mukanalondola mwini wake ndi kampani yake ya inshuwalansi. Komabe musataye pepala lililonse. Sungani lipoti la polisi, mabuku akuchipatala, lipoti la dokotala lonena kukula kwa kuvulala, ndi malisiti onse ngakhale a mankhwala a kufamase. Za mlongo wanu monga wokwera, zitengera zimene zinalembedwa pa inshuwalansi yanu komanso zimene apolisi anapeza, ndiye kafunseni loya. Ngati ndalama ya loya palibe, ofesi ya Legal Aid Bureau ilipo. Musachedwe, milandu yotere ili ndi malire a nthawi. Chenjeraninso ndi anthu oyendayenda m'mawodi amene amalonjeza chipukuta misozi n'kukusainitsani mapepala musanawerenge.

Za ngongole, muwerengerenso kuti banki ikakukongozani galimoto nthawi zambiri imafuna comprehensive, ndipo ya pikiapu si yotchipa. Mafuta ndi matayala ake nazonso n'zokwera.

Madala_wa_Kanengo:
Nenani zonsezo, koma ine ana anga sindingawakweze Mira ulendo wa ku Mzuzu.

Makaniko_wa_Biwi:
Pa Mira ndi Alto ndili nanu madala. Amenewo ndi gulu lapadera ku Japan, lamulo la kumeneko limati injini isapyole 660cc, utali usapyole mamita 3.4. Mpando wakumbuyo uli pafupi kwambiri ndi chitseko cha kubuti, ndiye wina akakumenyani kumbuyo malo okwinyika ndi ochepa. M'tauni amagwira ntchito bwino. Ulendo wautali usiku mutadzaza, inenso ayi.

Koma kwa a Nachisale, ndalama yomweyo ikhoza kugula pikiapu ya zaka 20 kapena galimoto yaing'ono yatsopanoko, ndipo ine ndingasankhe yachiwiriyo itayang'anidwa bwino. Pogula, tembenuzani kiyi muone padashibodi nyali ya airbag, chikwama cha mpweya chija chimene chimafufuma pangozi. Iyenera kuyaka kwa masekondi ochepa kenako n'kuzima. Ikapanda kuyaka n'komwe, kayikirani kuti wina anaizimitsa dala pobisa kuti airbag inaphulika kale ndipo sanaikemo ina. Magalimoto ochita ngozi akumawongoledwa, kupentedwa n'kugulitsidwa ngati abwinobwino. Kokani lamba aliyense mwadzidzidzi, ayenera kugwira nthawi yomweyo. Yang'anani akumbuyo, ambiri anakwiriridwa pansi pa mpando kapena pansi pa nsalu zovekera mipando.

Chinanso ndi ma airbag a kampani ya Takata, amene anaikidwa m'magalimoto ambiri a Toyota, Honda, Nissan ndi Mazda a zaka za m'ma 2000. Mankhwala ophulitsira amaonongeka ndi kutentha komanso chinyezi, ndipo ena pophulika amamwaza tizitsulo kumaso kwa dalaivala. Anthu anafa nazo m'maiko angapo, magalimoto mamiliyoni anaitanidwa kuti akasinthidwe, ndipo kampaniyo inagwa mu 2017. Galimoto imene inachoka ku Japan isanasinthidwe ikhoza kukhala nayobe. Tengani nambala ya chasisi mufunse kwa ogulitsa ovomerezeka a mtundu wa galimotoyo.

Nachisale_Area25:
Ndawawerengera bambo akunyumba zonsezi. Sanagonje, akuti mtima wawo ukadali pa pikiapu, koma tagwirizana kuti za ngongole zidikire mpaka mlongo wanga amalize mafizo. Amayi a ku Mzuzu, ndakulemberani kumbali kuti mundiuze mmene munayambira.

Namwino_wa_Usiku:
Mafizowo asamadumphe ngakhale zikupweteka. Munthu wothyoka chiuno ndi ntchafu akangokhala, minofu imafooka ndipo bondo limauma. Ku Lilongwe kuli chipatala cha mafupa cha LION pa Kamuzu Central, ku Blantyre kuli cha mafizo cha Kachere. Funsani adokotala amene akumuona kuti akulozereni koyenera.

Mai_a_Chisomo:
Anamwino, musanachoke. Ine mwana wanga wa zaka ziwiri ndimamuika pamiyendo kutsogolo, lamba n'kumanga tonse awiri. Si bwino choncho? Komanso mng'ono wanga ndi woyembekezera, amakana lamba ati afinya mwana.

Namwino_wa_Usiku:
Musadzachitenso amayi, chonde. Galimoto ikaima mwadzidzidzi thupi lanu lonse limamupanikiza mwanayo palamba, ndipo airbag ikaphulika imayamba kumenya iye. Kumugwira ndi manja okha sikuthandizanso, pa liwiro la pamsewu palibe mkono ungamusunge. Mwana wa msinkhu umenewo malo ake ndi kumbuyo, pampando wa ana womangiriridwa bwino. Mpando woyang'ana kumbuyo usaikidwe kutsogolo komwe kuli airbag.

Mng'ono wanuyo azimanga. Lamba wam'munsi adutse pansi pa mimba, pamafupa a m'chiuno, osati pamimba penipeni. Wam'mwamba adutse paphewa ndi pakati pa mabere, n'kutsikira m'mbali mwa mimba. Ndipo woyembekezera akachita ngozi, ngakhale yaing'ono, akapimidwe tsiku lomwelo.

Mai_a_Chisomo:
Ndamva. Mipando ya anayo ndimaiona mu kaunjika, ndingagule yomweyo?

Makaniko_wa_Biwi:
Ngati yatsopano simungakwanitse, gulani, koma muiyang'ane bwino. Pulasitiki isakhale yong'aluka kapena yofuwira ndi dzuwa, malamba ake akhale onse, chomangira chake chizilira pomanga ndipo chisamasuke mukachikoka. Pitani ndi galimoto yomwe mukayesere pomwepo musanalipire, chifukwa mipando ina imafuna tizitsulo ta ISOFIX pakati pa mpando ndi chotsamira, ndipo magalimoto ena akale alibe. Mukamangirira, ugwedezeni ndi dzanja. Ukamasuntha kwambiri ndiye kuti sunagwire.